Chimbale cha sewero la Friends: anaimba ndi ena, anadyerera ndi ena

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko pang'ono za tsamba lanu la zamsangulutso. Mukamalemba za masewero a nthabwala a pa kanema, mumangotiuza za ochita sewerowo: uyu wakwatira, uyu wadwala, uyu walemera. Za nyimbo zomwe zimamveka m'maseweromo simunenapo kanthu, chonsecho ndalama zina zikuluzikulu zimadutsira komweko. Nkhani ya chimbale cha sewero la ku America la Friends ndi yomwe ndikufuna oimba athu aimve.

Seweroli linayamba kuonetsedwa pa kanema ya NBC mu 1994 ndipo linatha mu 2004. Aliyense amene analionerapo amadziwa kanyimbo koyambira kaja ka "I'll Be There for You", komwe anthu amaombera m'manja kanayi. Anakaimba ndi anyamata awiri a gulu la The Rembrandts, Danny Wilde ndi Phil Solem, koma maziko a nyimboyo sanali awo. Maimbidwe anapeka ndi Michael Skloff, yemwe nthawi imeneyo anali mwamuna wa Marta Kauffman, mmodzi wa omwe anayambitsa seweroli. Pa mawu panagwira dzanja la mayi Allee Willis, yemwe analemba nawo "September" ya Earth, Wind & Fire. Anyamata awiriwo anangoitanidwa ngati aganyu kuti adzaimbe kanthu kosakwana n'komwe mphindi imodzi.

Zinthu zinatembenuka pamene wailesi ina ya mumzinda wa Nashville inatenga kachidutswa kaja n'kukabwereza katatu kuti katalike. Omvera anayamba kukapempha usana ndi usiku, mawailesi ena n'kutengera. Apa kampani yojambulitsa nyimbo za gululi inaona kuti pali ndalama. The Rembrandts anabwerera ku situdiyo, anawonjezera mavesi, ndipo nyimboyo inaikidwa mochedwa kumapeto kwa chimbale chawo cha L.P. cha 1995. Kwa masabata 8 inali nyimbo yoseweredwa kwambiri pa mawailesi a ku America, ndipo ku Britain inafika pa nambala 3.

Wina anganene kuti uwu unali mwayi wosowa. Ine ndimauona mbali ziwiri. Gululi linali ndi nyimbo zakezake kale, ina mwa izo inatchuka ndithu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma kuchokera 1995 palibe amene ankafuna kumva china chilichonse kwa iwo kupatula kuomba m'manja kuja. Sipanapite nthawi yaitali awiriwo anasiyana kwa zaka zingapo. Lero mukatchula dzina lawo, anthu ayamba akufunsani kuti ndi ndani, mpaka mutaimba kamzere koyamba.

Chimbale chenicheni cha seweroli chinatuluka mu 1995 momwemo, pansi pa kampani ya Reprise. Apa mpamene ndikufuna muonetsetse, Akonzi. Sewerolo linkapangidwa ndi Warner Bros., Reprise nayo inali ya Warner, ndipo ambiri mwa oimba omwe ali m'chimbalemo, monga R.E.M., Lou Reed, k.d. lang, Joni Mitchell, Barenaked Ladies ndi The Pretenders, ankajambulitsa nyimbo zawo kumakampani a banja lomwelo. Zinali ngati wagolosale amene akugulitsa ufa wa kuchigayo chake chomwe, wogayidwa ku chimanga cha m'munda mwake. Nyimbo zingapo m'menemo zinali zotsalira pojambula zimbale zina kapena zakale zokonzedwanso. Pakati pa nyimbo anaikamo tizidutswa ta nthabwala za m'sewero. Tsiku loyamba timaseketsa, koma ukamvera kachisanu umalakalaka atatichotsa. Ngakhale zinali choncho, ku America kokha chinagulitsidwa makope oposa miliyoni imodzi.

Sindikuti ndi chimbale choipa. "Good Intentions" ya Toad the Wet Sprocket ndi nyimbo yokoma mpaka pano, ndipo mawu a Chrissie Hynde wa The Pretenders mu "Angel of the Morning" sakalamba. Mayi ameneyu anaonekeranso m'seweromo akuimba mu Central Perk, malo omwera khofi aja, n'kumulanda malo Phoebe, mayi wa m'seweromo yemwe ankaimba pamalopo. Koma wodyerera amene amandisangalatsa kwambiri dzina lake silili pachikuto. Nyimbo ya "I Go Blind", yomwe Hootie & the Blowfish anaimba m'chimbalechi, inali ya gulu la ku Canada la 54-40, lomwe linaitulutsa mu 1986 ndipo kunja kwa dziko lawo silinkadziwika kwenikweni. Itayamba kumveka pa mawailesi a ku America, ndalama za umwini zinayamba kupita kwa olemba ake ku Vancouver, anthu omwe sanaponde n'komwe m'situdiyo tsiku lojambula. Chinawapulumutsa n'chakuti dzina lawo linalembedwa pamalo oyenera kuyambira pachiyambi.

Pali chinanso chomwe sindingachisiye. Seweroli limati likuchitikira ku New York, mzinda womwe mu 1995 unkagwedezeka ndi nyimbo za hip hop ndi R&B. M'chimbalemo simumva woimba aliyense wa nyimbo zimenezo. Zambiri ndi za magitala, ndipo woimba wakuda amene mungamuloze msanga ndi Darius Rucker wa Hootie & the Blowfish. Makutu akungotsimikiza zomwe maso ankaona kale pa kanema, ndipo Marta Kauffman mwini wake anadzavomereza pambuyo pake kuti sewero lawo linasowa anthu akuda. Mu 2022 anapereka madola 4 miliyoni ku yunivesite ya Brandeis kuti apititse patsogolo maphunziro a za Africa ndi anthu akuda a ku America. 

Kwathu kuno masewero a nthabwala achuluka, pa kanema ndi pa intaneti pomwe. Ndimamva nyimbo za oimba athu zikulira kumbuyo kwa ochita sewero, koma kawirikawiri mayina akamadutsa kumapeto sindiona dzina la wopeka nyimbo. Mnyamata amauzidwa kuti "utchukirapo", iye n'kuvomera ndi manja awiri osasainirana kanthu. Bungwe loteteza umwini wa luso la COSOMA lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo la umwini wa luso linakonzedwanso mu 2016, koma n'kovuta kuti zonsezi zimuthandize munthu amene nyimbo yake sinalembetsedwe paliponse.

Pempho langa ndi lakuti mutumize mtolankhani wanu kwa opanga masewero awiri kapena atatu a kuno kwathu. Akawafunse kuti nyimbo yoyambira sewero lawo anapeka ndani, analipidwa kamodzi kokha kapena amalandira nthawi iliyonse ikamveka, ndipo sewerolo likaikidwa pa YouTube ndalama za nyimbo zimapita kwa yani. Mayankho akewo muwasindikize ndi mayina omwe.

Wokonda nyimbo,
Zomba