Kalata kwa makolo potseka teremu yachiwiri

Okondedwa makolo ndi onse osamalira ana,

Landirani moni wochokera kwa aphunzitsi onse. Ana a Fomu 4 alemba mayeso oyeserera a MSCE, atsikana athu apambana pa mpira wamanja, ndipo mitengo imene tinadzala kuseri kwa laibulale yagwira.

Koma pali nkhani imene yandisowetsa tulo. Aphunzitsi a Physics anaonetsa ana a Fomu 3 kanema wa pakompyuta woyerekeza mmene mkuntho wa padzuwa umayendera, wofanana ndi amene bungwe loona za nyengo la NOAA ku America limagwiritsa ntchito polosera mikuntho yotere. Dzuwa limaoneka ngati kadontho pakati, dziko lathu pambali, kenako mtambo wa tinthu tamagetsi umatuluka n'kumafalikira. Mwana wina anajambula pafoni, imenenso ndi yoletsedwa pasukulu pano, n'kumwaza pa WhatsApp kuti dzuwa lidzawotcha dziko Lachisanu. Tsikulo m'makalasi munali ana owerengeka. Mayi wina anafika mu ofesi yanga atagwira mwana wake padzanja, akufunsa ngati aphunzitsiwo ndi a zamatsenga.

Makolo anzanga, kanemayo ndi masamu chabe. Mtambo wotere umatenga tsiku limodzi mpaka atatu kuti ufike kuno, ndipo mphamvu ya maginito ya dziko imatitchinga. Zimene zimavutika ndi setilaiti, GPS, mawailesi ndi mawaya a magetsi: mu March 1989 ku Quebec ku Canada magetsi anazima maola 9. Mu May 2024 kunabwera mkuntho waukulu kuposa wina uliwonse kuchokera mu 2003, ife tili kalikiliki kukolola, osamva kanthu. Chifukwa cha mavuto a setilaiti ndi magetsi aja, ku Hermanus ku South Africa kuli akatswiri amene amayang'anira dzuwa usana ndi usiku, ndipo ndikufuna ana athu adzagwire ntchito ngati imeneyo.

Chimene chandiopsa kwenikweni n'chakuti anyamata awiri anayang'ana dzuwa kudzera pa filimu yakale ya X-ray, pofuna kudzionera okha mkunthowo. Zimenezi zimapha maso. Chonde, ndikukupemphani, auzeni ana kunyumba. Foni iliyonse yopezeka pasukulu tidzailanda mpaka kholo litabwera lokha, ndipo mukamva mphekesera, bwerani mudzandifunse musanamusunge mwana pakhomo.

Amene simunamalize fizi ya teremu ino, tithandizeni musanatumize mwana. Tidzatsegula pa tsiku limene unduna walengeza, 7 koloko m'mawa.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu