Oumba mbiya akutha tikuona

Akonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za oumba mbiya. Pa zionetsero timawaombera m'manja, koma pogula timanenerera mpaka mmisiri kutsala wopanda phindu, ngati dothi limadziumba lokha.

Ndinakhalapo tsiku lonse pambali pa mayi wina wachikulire akuumba mtsuko. Anasinja mapale akale n'kusakaniza ndi dothi kuti mtsukowo usang'ambike pamoto. Atauumba anaukulungiza ndi kamwala kosalala, n'kuuika pamthunzi, poti dzuwa limaumitsa kunja msanga mkati mukadali mwamuwisi. Mtsuko wina wootcha kale anaugogoda ndi chala. Unalira mogontha, iwo n'kungoti, “Uwu uli ndi mng'alu.” Ine maso onsewa sindinaone kanthu!

Luso lotere silikhala m'buku. Pangano la 2003 la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe, limaika ntchito zamanja m'gulu la chuma cha makolo choyenera kutetezedwa, ndipo chomwe likuteteza kwenikweni ndi nzeru za mmisiri, osati mtsuko wokha. Nanga nzeruzo alandira ndani, poti zidebe zapulasitiki zalanda msika ndipo adzukulu a mayi aja sakufuna n'komwe kugwira dothi?

Ndikupempha a zamaphunziro kuti aziitana amisiri otere kusukulu kudzaphunzitsa ana, ndipo aziwalipira.

Wowerenga wanu wokhudzidwa