Lipoti la msonkhano wa kadyedwe: mgaiwa, nyemba ndi michere yomwe imangodutsa m'mimba

Kwa Mayi Wapampando, atsogoleri a ma care group ndi mamembala nonse a komiti ya kadyedwe koyenera m'dera lathu.

Zikomo pondituma kuti ndikakuyimirireni ku boma. Kunali alangizi a zaumoyo, alangizi a zaulimi, anamwino akusikelo ndi ife oyimira magulu a m'midzi. Zokambirana zinali zingapo, koma yomwe inatenga malo, komanso yomwe ikutikhudza kwambiri ife, ndi iyi: bwanji anthu amene amadya mgaiwa, nyemba ndi masamba tsiku ndi tsiku akusowabe michere m'thupi?

Mphunzitsi anayamba ndi kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016, yemwe anayeza magazi a anthu m'dziko lonse. Anapeza kuti pafupifupi anthu 6 mwa 10 aliwonse ali ndi zinki wochepa m'thupi, ana, amayi ndi abambo omwe. Pa ana osakwana zaka zisanu, 22 mwa 100 aliwonse anali operewera ayironi. Zinki ndiye amathandiza mwana kukula, kuteteza thupi kumatenda ndi kupoletsa zilonda. Nchifukwa chake mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa mapiritsi a zinki pamodzi ndi Thanzi ORS. Ayironi ndiye wopanga magazi.

Chodabwitsa nchakuti zinki ndi ayironi zilimo m'chimanga ndi m'nyemba. Vuto ndi lakuti mbewu iliyonse imasunga chakudya cha mmera wake mu kanthu kotchedwa fayiteti. Tikadya, fayiteti amagwira zinki, ayironi ndi kashiamu (wolimbitsa mafupa) m'matumbo, thupi n'kulephera kuzitenga, zambiri n'kukathera kuchimbudzi. M'chimanga, fayiteti wambiri amakhala pa kamtima kaja, pomwenso pali mafuta ndi michere yambiri. Tikakonola, gaga ndi kamtima zimachoka, fayiteti amachepa, koma michere nayo yapita kwa nkhuku ndi nkhumba. Tikagayitsa mgaiwa, zonse zatsala, michere ndi chomangira chake.

Apa mpomwe munthu wina wa gulu la kwina anadzuka mokwiya pang'ono. Anati, “Zaka zonsezi mwakhala mukutiuza kuti tisiye ufa woyera tidye mgaiwa, lero mukuti mgaiwa uli ndi vuto. Tikawauze chiyani amayi kumudzi?” Ambiri tinawomba m'manja chifukwa funsolo linali lathu tonse.

Yankho linali lakuti mgaiwa usasiyidwe. Gaga ndi makoko a nyemba ndi zomwe aphunzitsi amazitcha fayiba, ndipo zimathandiza kuti munthu asadzimbidwe, shuga asamakwere msanga akadya, komanso mtima uziyenda bwino. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kudya magalamu osachepera 25 a fayiba pa tsiku. Anatsindika kuti fayiba payekha si amene amalanda michere kwambiri. Wolanda ndi fayiteti, yemwe amangopezeka malo amodzi ndi fayibayo. Choncho nkhani yagona pa kakonzedwe ka chakudya ndi zomwe tadyera limodzi. Ine ndikuona kuti yankholi ndi lomveka, ndipo uthenga wathu wa mgaiwa ukhale momwemo, tingowonjezerapo.

Njira yoyamba ndi kuviika. Anatiuza za akatswiri awiri, Rosalind Gibson wa pa yunivesite ya Otago ku New Zealand ndi Christine Hotz, omwe anagwira ntchito ndi mabanja a m'midzi ya kuno ku Malawi. Anapeza kuti kuviika ufa wa chimanga m'madzi kenako n'kutsanula madziwo kumachotsa pafupifupi theka la fayiteti. Tinayesera pomwepo. Ufa wa mgaiwa kapu imodzi, madzi makapu anayi, kutakasa, kusiya kwa ola limodzi. Ufa unakhazikika pansi, pamwamba panatsala madzi otuwira okhala ndi tizinyalala ta gaga toyandama. Mayi wina anapendeketsa beseni pang'onopang'ono, dzanja lina atatchinga m'mphepete kuti ufa usatsetsereke, ndipo wotsalawo ndi umene tinaphikira phala. Kukoma kwake sikunasinthe. Pa nsima ya banja lonse njirayi ingavute, ndikuvomereza, koma pa phala la mwana ndi kapu imodzi chabe. Nyemba, khobwe ndi nandolo wouma tiziviika usiku, m'mawa n'kutaya madziwo. Zimapsanso msanga, nkhuni n'kupulumuka.

Pa chimera anatichenjeza kuti tisakokomeze. Kumeretsa ndi kusasitsa, monga timachitira ndi thobwa, kumachepetsako fayiteti, koma chimanga chomeretsa pachokha sichichotsa wambiri. Phindu lalikulu la chimera lili pena: supuni imodzi ya ufa wa chimera ikathiridwa m'phala lolimba, phalalo limasungunuka lokha popanda kuthira madzi. Tinaona ndi maso, phala loti supuni imayima linayamba kuyenderera mphindi zochepa. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri kamimba kake nkakang'ono. Phala lamadzimadzi limamudzaza asanapeze kanthu, pomwe ili amameza mosavuta ufa uli wambiri. Likasungunuka liwiritsidwenso pang'ono. Chimeracho chiume bwino, chachuku chitayidwe.

Njira yachiwiri, yomwe ine ndikuiona yosavuta kuposa zonse, ndi zodyera limodzi. Ayironi wa m'zomera thupi limamutenga movutikira, koma vitamini C akakhalapo pa chakudya chomwecho amalowa bwino kwambiri. Sitikusowa kugula: malambe, magwafa, mapapaya, mango, malalanje, mandimu, tomato wosapsereza. Chofunika nchakuti chipatso chidyedwe nthawi ya chakudya, osati mwana atole gwafa masana pomwe nyemba anadya dzulo. Ufa wa malambe wothira m'phala utaphula ndi wabwino zedi. Nsomba ndi nyama, ngakhale pang'ono, zimathandizanso kuti ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba alowe, ndipo nazo zili ndi zinki wosavuta kutenga. Usipa ndi matemba timadya ndi minga yomwe, choncho timapezamo kashiamu. Kusinja usipa wouma n'kuthira supuni imodzi m'phala la mwana kukuposa kumupatsa msuzi wokha, chizolowezi chomwe chikadalipo m'makomo ambiri kuno.

Ya tiyi inawawa anthu. Tiyi ali ndi zinthu zomwe zimagwira ayironi wa m'zomera, ndipo akamwedwa pamodzi ndi chakudya amachepetsa kwambiri ayironi wolowa m'thupi. Sanatiletse kumwa; anati papite ola limodzi kapena kuposerapo chidyereni. Ana aang'ono asamapatsidwe tiyi. Amayi oyembekezera asamwere tiyi mapiritsi owonjezera magazi a kusikelo, amwere madzi, ndipo asasiye mapiritsiwo poganiza kuti masamba akwanira. Ndikupempha atsogoleri a magulu kuti mfundo iyi ifike khomo lililonse lomwe kuli mayi wapakati.

Za masamba tinadutsa mwachangu. Bonongwe ali ndi kashiamu koma gawo lina ndi lomangika, pomwe wa mu mpiru ndi repu amalowa bwino, ndiye tizisinthasintha ndiwo. Soda ndi chidulo zimawononga mavitamini, makamaka C yemwe tikumufunayo. Masamba aphikidwe nthawi yochepa, m'madzi ochepa.

Alangizi a zaulimi anakambapo za nyemba za NUA 45, zomwe zili ndi ayironi ndi zinki wochuluka kuposa nyemba zambiri zomwe tinazolowera. Anatinso nthaka imatengapo mbali: ofufuza anapeza kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi mchere wa seleniyamu wochepa, pomwe cha ku chigwa cha Shire chili ndi wochulukirapo. Izo sitingazikonze ndi mphika, ndi za feteleza ndi boma.

Ndinafunsa za mabanja omwe m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale amadya kamodzi pa tsiku, nthawi zina ufa wa madeya. Anayankha kuti amenewo ndiwo ali pachiopsezo chachikulu, poti madeya ali ndi fayiteti wambiri ndipo ndiwo za nsomba sizioneka. Apa ndikupempha komiti iganizire zofutsa masamba, kusunga malambe ndi nsinjiro nthawi yokolola, tikhale ndi nkhokwe yaing'ono ya gulu ya ana osakwana zaka ziwiri.

Mayi Wapampando, ngati muvomereza, pa msonkhano wathu wotsatira tichite chionetsero cha kaphikidwe. Mtsogoleri aliyense abwere ndi kapu ya mgaiwa. Ine ndibweretsa chimera, usipa wosinja ndi malambe. Tiwadziwitsenso a mfumu ndi mlangizi wa zaumoyo, ndipo abambo aitanidwe, chifukwa ndalama ya usipa m'makomo ambiri imachokera m'thumba mwawo.