Usalipire nyumba ya ku Karongayo usanaiyendere bwino

Mwana wanga,

Mlongo wako wandiuza kuti wapeza nyumba ku Karonga, chakunyanja, ndipo dobadoba akukuumiriza kuti upereke theka la ndalama mwezi uno usanathe. Nkhani yaikulu chonchi ndizimvera kwa ena, ine mayi ako ndili moyo? Kuti watopa ndi lendi ndakondwa, wakula ndithu. Koma chimvereni zimenezi sindikupeza tulo, ndipo chondiopsa ukuchidziwa kale: chivomezi.

Usaseke. Mu December 2009 nthaka ya ku Karongako inagwedezeka kambirimbiri kuyambira pa 6, mpaka chachikulu cha mphamvu ya 6.0 chinabwera Khirisimasi itayandikira. Anthu anayi anamwalira, nyumba masauzande zinagwa kapena kung'aluka, mabanja n'kumagona m'matenti mvula ili pakati. Akatswiri a za miyala amati nyanja yathuyi yakhala m'chigwa cha Rift Valley, ndipo pansi pake pali ming'alu ikuluikulu imene imasuntha. Ming'aluyo sinasamuke, ikadali pompo.

Cha kuno ku Salima cha pa 10 March 1989 sungachikumbuke, unali wakhanda. Unali usiku. Ndinadzidzimuka ndi kulira kwa malata, mbale zikugwa pathandala, bambo ako akulimbana ndi chitseko chimene chinakana kutseguka chifukwa felemu inali itapindika. Kwa aneba athu khoma la gebulo linagwera m'kati, pamphasa pomwe ana anali atangodzukapo. Anthu 9 anafa, pafupifupi 50,000 anasowa pogona. Mpaka lero galimoto yaikulu ikadutsa usiku ndimakhala tsonga.

Ndiye tamvera. Penti yatsopano isakunamize. Funsa kuti nyumbayo inamangidwa liti, ndipo ngati inalipo kale mu 2009, inaona zotani. Usafunse dobadoba, iyeyo akufuna yake ya pamwamba basi. Funsa amayi achikulire oyandikana nayo, amenewo amakumbukira khoma lililonse limene linagwa. Uyang'ane m'makona ndi pamwamba pa mawindo ndi zitseko. Ukaona mng'alu woyenda mopingasa, kapena pulasitala wa chigamba amene akusiyana ndi mnzake, dziwa kuti pabisika kanthu. Tenga msomali ukande pakati pa njerwa. Zikamayoyoka ngati ufa, anamangira dothi, simenti inangopakidwa kunja. Nyumba zambiri zimene zinagwa zinali zotero, njerwa zootcha zabwinobwino koma zogwirizitsa ndi matope, popanda ring beam, lamba wa konkire ndi zitsulo wozungulira pamwamba womanga makoma onse pamodzi. Kwera kudenga uione ndi maso ako ring beam imeneyo, usangomva kuti ilipo.

Iwe vuto lako n'kupupuluma. Unali choncho kuyambira uli ku pulayimale, chinthu ukachikonda makutu amatsekeka. Ndalama imeneyi ndi ya ngongole ya kubanki, udzakhala ukubweza zaka zambiri, nyumba itagwa kapena itaima. Mpongozi wanga ndi adzukulu anga ndi amene azigona pansi pa makoma amenewo iwe uli ku ntchito.

Za nthakanso. Kufupi ndi nyanja n'kokongola, sindikukana, koma pamchenga ndi padambo pomwe madzi ali pafupi, chivomezi chimagwedeza kwambiri kuposa panthaka yolimba, ndipo maziko amatha kutitimira. Ku Karonga komweko malo ena nthaka inang'ambika, mchenga ndi madzi n'kumatuluka pansi. Ona chitsime chapafupi kuti madzi ali pati. Ngati ungathe, funsa a Geological Survey, nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, likulu lawo lili ku Zomba, akuuze za dera limenelo. Ukapita kwa a inshuwalansi, uonetsetse kuti mawu oti chivomezi alembedwa papepala, osati moto wokha.

Sindikuti usagule ku Karonga, anthu akukhala ndipo akumanga zolimba. Ndikuti usapereke ndalama mwezi uno. Dobadoba akati pali wina akuifuna, msiye aitenge. Penti isakunamize, ndabwerezanso.

Ndalankhula ndi amalume ako, avomera kubwera kudzaiona, paja ntchito ya zomangamanga aigwira moyo wawo wonse. Thiransipoti yawo ndilipira ine ndikagulitsa mtedza. Undiimbire Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, undiuze tsiku loti anyamuke. Upereke moni kwa mpongozi wanga ndi ana.

Ndine mayi ako.