Tilipireni moyenera minda imene mwatenga

Kwa inu akuluakulu oona za malo, pamodzi ndi kampani imene mwaipatsa ntchito yokulitsa msewu kuno kumapiri a chigawo cha Tete ku Mozambique: ndikulemba poyera chifukwa makalata athu simukuyankha.

Msewu sitikuukana ayi. Mbatatesi yathu imaolera pamudzi nthawi ya dzinja chifukwa magalimoto safika. Chomwe chikutiwawa ndi malipiro. Anthu anu anabwera kudzayeza minda ndi kuwerenga mitengo, kenako anatidinditsa chala papepala la Chipwitikizi lomwe palibe anatimasulira, osatisiyira ngakhale kope lake. Lero mtengo wa mango womwe umadyetsa ana chaka ndi chaka mwauwerengera ngati nkhuni. Dimba la m'mbali mwa mtsinje, lomwe timakolola kawiri pachaka, mwalipatsa mtengo wofanana ndi tsala. Amayi amasiye ena mayina awo sali n'komwe pamndandanda.

Tikafunsa mumati nthaka ndi ya boma, ndipo ife tilibe pepala la DUAT, losonyeza ufulu wogwiritsa ntchito malo. Zoti nthaka ndi ya boma tikuzidziwa. Koma lamulo la malo la 1997 lomwelo limati amene ali pamalo mwa mwambo wa makolo, kapena wakhala akulimapo moona mtima kwa zaka 10, ali ndi ufulu pamalowo ngakhale alibe pepala. Limatinso boma likafuna malo pa ntchito yothandiza anthu onse, liyambe lapereka chipukuta misozi choyenera. Inu mwayamba ndi kugwetsa mitengo m'minda yathu.

Tinaona zomwe zinagwera abale athu a ku Moatize. Mu 2009 ndi 2010 anawasamutsa chifukwa cha malasha n'kukawaika ku Cateme, kutali ndi msika ndi mtsinje wa Revúbuè, panthaka yamiyala. Anawalonjeza mahekitala 2 pabanja, ambiri analandira imodzi. Mpaka anakatseka njanji mu Januwale 2012, ndipo chaka chomwecho boma linatulutsa lamulo lotchedwa Decreto 31/2012, lonena kuti wosamutsidwa asakhale movutika kuposa mmene analili kwawo. Kodi mukufuna nafenso tifike pamenepo kuti mutimve?

Bwerani pabwalo la amfumu, mutiwerengere m'Chichewa mndandanda wa malipiro omwe mukugwiritsa ntchito, ndipo banja lililonse lilandire pepala lake. Amene dimba lawo lapita apatsidwe malo ena okhala ndi madzi, chifukwa ndalama imatha mwezi usanathe. Za manda a makolo omwe ali m'njira ya msewuwo tikambirane ndi eni mbumba. Mvula ili pafupi, ndipo mabanja ambiri pano sakudziwa kumene adzabzale chimanga chaka chino.