Chilengezo: Zokambirana za yoga ndi ululu wa msana

Okondedwa mamembala,

Tikukudziwitsani kuti Loweruka likudzali, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse pa boma la Thyolo, tidzakambirana zimene ofufuza apeza zokhudza yoga, masewera ochokera ku India ophatikiza kuwongola thupi, kupuma mwadongosolo ndi kukhazika mtima pansi.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri, chifukwa tonse tikuwadziwa amayi othyola tiyi amene amakhala chiweramire tsiku lonse dengu lili kumsana, madzulo n'kumalephera ngakhale kutola chikho pansi. Mu 2017, bungwe la madokotala la American College of Physicians linaika yoga pakati pa njira zoyenera kuyesa pa ululu wa msana wokhalitsa munthu asanathamangire mankhwala, ngakhale kuti phindu lake ndi lapakatikati ndipo silowa m'malo mwa chipatala.

Anzathu ophunzitsa mbiri ndi zilankhulo adzafotokozanso chiyambi chake, poti liwu lakuti yoga likuchokera ku Sanskrit, chilankhulo chakale cha ku India, ku tsinde lotanthauza kumanga m'goli, ndipo UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inazindikira yoga mu 2016 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu. Amene muli ndi nkhawa pa zachipembedzo, chonde bwerani mudzalankhule momasuka.

Aliyense atenge mphasa kapena chitenje choyala.

Mlembi