Lipoti la ulendo wa ku Tokyo: mmene manga imasindikizidwira ndi kugulitsidwa

A Wapampando ndi anzanga nonse ojambula,

Ndabwerako ku Tokyo komwe munandituma ku msonkhano wa osindikiza ndi ojambula manga, zomwe ndi nkhani za zithunzi za ku Japan. Zikomo chifukwa cha kangachepe kamene aliyense anasonkha. Munandipatsa funso limodzi: zimatheka bwanji kuti nkhani ya zithunzi igulidwe makope mamiliyoni? One Piece ya Eiichiro Oda, yomwe inayamba mu 1997, pofika 2022 inali itadutsa makope 500 miliyoni.

Chimene ndapeza n'chakuti kumeneko nkhani siyamba ngati buku. Imayambira m'magazini yotuluka mlungu ndi mlungu. Ndinagula Weekly Shōnen Jump pa kasitolo ka pa siteshoni ya sitima: ndi yonenepa ngati njerwa, pepala lake lotchipa ndi lokhakhala, ndipo imawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. M'kati muli nkhani pafupifupi 20, iliyonse mutu umodzi wokha wa masamba osakwana 20. Kampani ya Shueisha yakhala ikuitulutsa kuyambira 1968, ndipo chiwerengero chake chinafika pachimake mu 1995, makope 6.53 miliyoni pa mlungu umodzi. Lero chatsika kwambiri, komabe njira yake sinasinthe.

Mtima wa njirayi ndi mavoti a owerenga. Amasankha nkhani zitatu zimene zawasangalatsa kwambiri mlungu umenewo, kale pa kapepala kotumiza pa positi. Nkhani yosakondedwa imakankhidwira chakumapeto kwa magazini, kenako imadulidwa, mwina patangopita miyezi yochepa. Poyamba ndinaona ngati nkhanza. Koma nditaona mkonzi ndi wojambula wachinyamata atawerama pa tebulo, akufufuta ndi kusuntha mabokosi pa chojambula cha pensulo chimene amachitcha nemu, ndinamvetsa. Wojambula sadikira zaka zitatu kuti adziwe ngati anthu akumumva. Amadziwa msanga, n'kukonza.

Mitu ikachuluka amaisonkhanitsa m'kabuku kotchedwa tankōbon, ndipo phindu lenileni lagona pamenepo. Nkhaniyo akaipangira kanema wa makatuni, yemwe amamutcha anime, moto umayaka. Demon Slayer ya Koyoharu Gotouge inayamba mu 2016 ikugulidwa pang'onopang'ono, koma anime itaonetsedwa mu 2019 mabuku anayamba kutha m'masitolo. Nkhaniyi inatha mu 2020 ndi mabuku 23 okha, ndipo pofika 2021 inali itadutsa makope 150 miliyoni.

Za foni zinakambidwa kwa nthawi yaitali. Ku Japan ndalama za manga yowerengedwa pa foni ndi pa kompyuta zinaposa za timabuku ta pepala mu 2017. Mu 2019 Shueisha inatsegula Manga Plus, pomwe owerenga a kunja amapeza mitu yatsopano mwaulere tsiku lomwe yatuluka ku Japan. Cholinga china n'choti akuba ntchito za ena pa intaneti asowe msika.

Chimodzi sichinandisangalatse, ndipo sindibisa. Kutulutsa mutu mlungu uliwonse kumafinya munthu. Ojambula ambiri amagona pang'ono ngakhale ali ndi owathandiza, ndipo si zachilendo kuona nkhani itaima chifukwa mwini wake wadwala. Zimenezi tisatengere.

Pempho langa kwa inu ndi ili: tisiye kudikira kuti aliyense amalize buku lathunthu. Tiphatikize nkhani zisanu kapena zisanu ndi imodzi m'kamagazini kamodzi, kotuluka kamodzi pa mwezi, pa pepala lotchipa ndi pa foni, ndipo owerenga azivota pa WhatsApp. Nkhani yopambana miyezi isanu ndi umodzi ndiyo tidzaisonkhere ndalama za buku. A Msungichuma, chonde mubwere ndi mitengo ya osindikiza pa mkumano wathu wotsatira. Ine ndibweretsa magazini ija kuti aliyense aigwire ndi manja ake.